WAILESI: NG'OMA YOCHENJEZA MUDZI

Makolo athu adati chakudza sichiimba ng'oma. Ponena mau amenewa ankatanthauza kuti tsoka silitumiza mthenga: chilala, mliri ndi madzi osefukira zimangofika anthu asakuyembekeza. Komabe makolo omwewo sadangokhala manja lende. Mudzi uliwonse udali ndi njira zake zochenjezerana. Chilombo chikalowa m'khola, mfuu inkamveka kuchokera nyumba ina kufikira inzake. Maliro akagwa, anyamata ankatumidwa ndi uthenga ku midzi yoyandikana nayo. Ndipo mfumu ikafuna anthu pa bwalo, ng'oma inkalira, kapena wolengeza ankakwera pa chulu madzulo, mudzi utakhala bata.

Masiku ano ntchito ya munthu wa pa chulu uja idatengedwa ndi kabokosi kamene timakatcha wailesi. Tsono tiyeni, awerengi okondedwa, tiyang'ane m'mbuyo pang'ono, tione kumene kabokosika kadachokera, ndiponso chimene chimachititsa anthu kukamvera kapena kukanyozera pamene kakuwauza za nyengo, za matenda ndi za mavuto a m'midzi mwao.

Mau ochokera ku Lusaka

Wailesi yoyamba imene makolo athu adaimva ikulankhula Chinyanja idali ku Lusaka. Idayamba m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, pamene boma la atsamunda la Northern Rhodesia lidafuna njira youzira anthu za nkhondoyo ndi za ana ao amene adapita ku usilikali. Wotsogolera ntchitoyi adali Harry Franklin, mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani. Nkhondo itatha, padagwirizanidwa kuti nyumba ya ku Lusaka izilankhula ndi anthu akuda a m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo idatchedwa Central African Broadcasting Station. Inkaulutsa mau m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Vuto lidali lakuti wolankhula adalipo, koma omvera adali owerengeka. Wailesi za masiku amenewo zidali zokwera mtengo, ndipo zambiri zinkafuna magetsi. Boma lidayesa kuika wailesi m'mabwalo a mafumu ndi m'nyumba zochezeramo anthu, koma mai amene ali ndi mwana kumbuyo ndi mphika pa moto sakadatha kuyenda mtunda wautali kukamvera nkhani. Franklin adavutika kwa zaka ndithu kufunafuna kampani ya ku Mangalande yoti ipange wailesi yotsika mtengo, mpaka kampani ya Ever Ready idavomera. Idatenga sefuliya wamba wopanda chogwirira, nkuikamo zipangizo za wailesi, nkutseka mabowo ake ndi kansalu ka waya kuti tizilombo tisalowemo, nkuipaka utoto wabuluu. Wailesi ya sefuliya imeneyi idayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire lake masheleni 25.

Chaka chomwecho cha 1949 agogo athu amachikumbukira pa chifukwa china. Mvula idadula, ndipo kudagwa njala yoopsa, makamaka m'boma la Blantyre ndi madera oyandikana nalo. Anthu ankamva za kumene kuli chakudya kuchokera kwa apaulendo okha, ndipo ambiri adayenda masiku angapo mpaka ku dziko la Apwitikizi potsata mphekesera chabe. Ena adabwera ndi kachimanga pa mutu, ena sadabwerenso. Kabokosi kamene kakadatha kuwauza zoona kadali kakungofika kumene.

Anthu adaikonda wailesi ya ku Lusaka chifukwa ankadzimva okha m'menemo. Antchito ake ankayenda m'midzi ndi makina ojambulira mau, kutola nyimbo za achinyamata ndi nthano za okalamba. Mmodzi mwa aulutsi otchuka adali Alick Nkhata, woimba wa gitala amene nyimbo zake zidamveka m'maiko onse atatu. Padalinso pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, m'mene ankawerengamo makalata a omvera. Munthu wogwira ntchito ku migodi ya mkuwa kapena ku Salisbury ankapereka moni kwa mkazi wake kumudzi, dzina la mudziwo nkumveka m'nyumba zikwizikwi. Pakati pa nyimbo ndi moni pankabwera malangizo a ukhondo, a kasamalidwe ka ana ndi a ulimi, ndipo anthu ankawalandira monga mau a bwenzi.

Koma chikondi chimenechi chidayesedwa. Pamene atsamunda ankakonza zophatikiza maiko atatu aja m'Chitaganya, chimene chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1953, wailesi idagwiritsidwa ntchito pofotokoza ubwino wake, chikhalirecho anthu akuda ankachikana kwamtuwagalu. Nthawi yomweyo kudabuka mphekesera za anthu opopa magazi, amene ku Northern Rhodesia ankawatcha banyama, ndipo aulutsi ena, amene dzulo lake ankakondedwa, adayamba kulozedwa chala kuti ali m'gulu limenelo. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa nyumbayo, adalemba za masiku amenewa m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, lotuluka m'chaka cha 1959. Phunziro lake nlosavuta kulimvetsa. Anthu akazindikira kuti liu limene amalikhulupirira latumidwa kudzawanyengerera pa nkhani imodzi, amayamba kulikayikira pa nkhani zonse, ngakhale za katemera ndi za mvula zomwe.

Wailesi ya dziko lathu

Chitaganya chidatha kumapeto kwa chaka cha 1963, ndipo m'chaka cha 1964, chimene Malawi adalandira ufulu wodzilamulira, kudakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation, imene tonse timaidziwa kuti MBC. Kwa zaka zoposa 30 imeneyi ndiyo idali wailesi ya Amalawi onse. Wailesi zazing'ono zoyendera mabatire a tochi zidachuluka, zina zolumikizidwa konkuno ku Blantyre ndi kampani ya Nzeru, kotero kuti mphunzitsi, mlangizi ndi mlimi wa fodya ankatha kukhala nayo pakhomo. Ambiri a ife tikukumbukira m'mene inkasamalidwira: kuivundikira kansalu kolukidwa bwino, kuyanika mabatire pa dzuwa kuti apezeko mphamvu, ndi kuletsa ana kuigwira kufikira bambo atabwera.

Tisaiwale zabwino zimene wailesi imeneyi idachita. Alimi ankasonkhana m'magulu pamodzi ndi mlangizi wao kumvera za kabzalidwe ka mbeu, kathiridwe ka feteleza ndi kasamalidwe ka nthaka. Dokotala wa pa wailesi ankayankha mafunso amene munthu akadachita nao manyazi pamaso pa namwino. Amai ankamva za sikelo ya ana ndi za katemera. Nkhani za m'maboma zinkatiuza zochitika ku Chitipa ndi ku Nsanje, tonse nkumadzimva kuti ndife mtundu umodzi. Ndipo nthawi ya mauthenga achisoni ikakwana, nyumba yonse inkati zii, pakuti mwina dzina lotchulidwalo likhala la mbale wako. Lamya kudalibe m'midzi, ndipo anthu osawerengeka adafika pa maliro a makolo ao chifukwa mnansi wina adamva uthenga pa wailesi nkuthamanga kukawauza.

Komabe padali zinthu ziwiri zimene zidaipundula. Choyamba chidali chinenero. M'chaka cha 1968 chipani cholamula chidagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zizigwiritsidwa ntchito, ndipo Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi kufikira nthawi imeneyo, chidachotsedwa. Ife olankhula Chichewa mwina sitidaone vuto lake. Koma taganizani za gogo wa ku Rumphi, wa ku Makanjira kapena wa ku Marka, amene akuuzidwa kapangidwe ka madzi a mchere ndi shuga opatsa mwana wotsegula m'mimba, m'chinenero chimene akuchimva mwapatalipatali. Pa nkhani ya moyo, kumva theka la malangizo nkoopsa.

Chachiwiri chidali kukhala chete. Boma la chipani chimodzi linkanyadira kuti anthu ake ali ndi chakudya chokwanira, zovala ndi nyumba zosadontha. Tsono kunena za njala pa wailesi kudali ngati kutsutsa boma. Matenda a Edzi adapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, koma kwa zaka zingapo adakambidwa mozungulira ndi mwamanyazi, pamene m'midzi anthu ankangonong'onezana za kaliwondewonde. Wailesi imene inkadziwa kutiuza za maliro idachedwa kutiuza momveka bwino chimene chinkachulukitsa malirowo.

M'mwezi wa Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, nakokolola midzi ndi anthu mazanamazana. Chaka chotsatira kudagwa chilala chachikulu m'chigawo chonse cha kumwera kwa Afrika. M'chaka chomwecho, pa 8 Malichi 1992, m'matchalichi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi imene idakamba poyera za kuchepa kwa mankhwala ndi malo m'zipatala, za umphawi, ndiponso za kutsekedwa pakamwa kwa anthu ndi kwa ofalitsa nkhani. Boma lidati kalatayo njoukira. Masiku amenewo anthu ambiri ankapotokola wailesi zao mwakachetechete kufunafuna BBC kapena mau a Chichewa ochokera ku Johannesburg, kuti amve zimene zikuchitika m'dziko lao lomwe. Zimene zidachitika ku Lusaka zaka 40 m'mbuyomo zidachitikanso kuno.

Wailesi ifika pakhomo

Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha m'chaka cha 1994, zinthu zidayamba kusintha. Chitumbuka chidabwerera pa MBC, ndipo posakhalitsa nkhani zidayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Masewero monga Tinkanena ndi Zimachitika adayamba kukamba za Edzi, za banja ndi za njala m'mau amene anthu amalankhula pa mjigo ndi pa msika. M'chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga, limene lidabala bungwe la MACRA ndi kutsegula khomo loti mipingo, anthu wamba ndi madera akhale ndi wailesi zao.

Imodzi mwa wailesi zoyamba za m'madera idali Dzimwe, ku Monkey Bay m'boma la Mangochi, imene idayambitsidwa ndi bungwe la amai ogwira ntchito zofalitsa nkhani mothandizidwa ndi UNESCO. Cholinga chake chidali chakuti amai a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja apeze polankhulira za uchembere, za maphunziro a atsikana ndi za usodzi. M'chaka cha 1999 Radio Maria idayamba ku Mangochi komweko, ndipo pambuyo pake kudabwera Radio Alinafe ku Lilongwe ndi Radio Tigabane ku Mzuzu. Asilamu ndi mipingo ina adatsegulanso zao. Maboma monga Nkhotakota, Mzimba, Mchinji ndi Nsanje adakhala ndi wailesi zaozao, zambiri zoyendetsedwa ndi achinyamata ongodzipereka.

Pa MBC pomwe padabadwa njira yatsopano yogwirira ntchito. M'pologalamu ya Kanthu Nkhama, magulu omvera wailesi a m'midzi ankapatsidwa makina ojambulira mau. Anthu ankakhala pansi pa mtengo nkukambirana vuto lao, kaya mjigo wofa, kaya mlatho wokokoloka, kaya chipatala chopanda mzamba. Mau aowo ankatengeredwa kwa mkulu woyenera kuyankha, ndipo funso ndi yankho zinkaulutsidwa pamodzi, dziko lonse likumva. Kuyambira 1941 wailesi idali ikulankhula kwa anthu a m'midzi. Tsopano anthu a m'midzi adayamba kulankhula kwa akuluakulu kudzera m'kabokosi komweko.

Njala ya m'chaka cha 2002 idaonetsa kufunika kwa zimenezi. Ansembe, mafumu ndi mabungwe adayamba kulira kumapeto kwa 2001 kuti anthu akudya zikhawo za nthochi ndi mizu ya kutchire, koma boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi m'mwezi wa Febuluwale 2002, anthu ambiri atafa kale. Kusiyana kwake ndi kale kudali kwakuti tsopano padali makomo angapo otulukira mau, ndipo njalayo sidathe kubisika.

Mayeso a masiku athu ano

M'zaka zaposachedwapa nyengo yasintha moti ndi mwana yemwe akuona. M'mwezi wa Januwale 2015 madzi adasefukira m'chigwa cha Shire, anthu oposa 200,000 nkusowa pokhala. Nyanja ya Chilwa, imene idaphwapo m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, idatsala pang'ono kuumiratu m'chaka cha 2018. Mvula yoopsa ya namondwe wa Idai idagwa mu 2019. Namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkukhala mu mdima. Chaka chomwecho kudabuka mliri wa kolera umene udapitirira mpaka 2023 ndi kupha anthu oposa 1,700. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, nasakazanso midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa.

M'masoka onsewa wailesi idagwira ntchito imene chipangizo china sichikadatha. Magetsi akazima ndipo misewu ikaduka, kabokosi ka mabatire awiri kamalankhulabe. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana ambiri a m'midzi adamvera maphunziro pa wailesi. M'masiku a kolera, ndi pa wailesi pamene mabanja ankakumbutsidwa kuthira mankhwala m'madzi akumwa ndi kuthamangira ku chipatala msanga munthu akayamba kutsegula m'mimba.

Koma tinene zoona: Freddy asanafike, a zanyengo adachenjeza, ndipo chenjezolo lidamveka pa wailesi. Nanga bwanji anthu ochuluka chotere adafa? Ena adalibe kothawira. Ena adaopa kusiya katundu wao kwa akuba. Enanso adamva, koma mauwo sadawakhudze, pakuti kunena kuti kuchigawo cha kumwera kugwa mvula yamphamvu nkunena chinthu chimene munthu wamva chaka ndi chaka. Apa mpamene pagona mphamvu ya wailesi ya m'dera. Muulutsi wake amadziwa kuti mvula ikagwa pa phiri la Mulanje, madzi a mu Ruo amafika ku Chiromo ndi ku Makhanga ngakhale kumeneko kuli dzuwa. Amatchula mtsinje ndi dzina lake, mudzi ndi mfumu yake, sukulu imene anthu athawireko ndi njira imene sidaduke. Amalankhula Chisena kwa Asena ndi Chilomwe kwa Alomwe. Ndipo womvera amamdziwa kuti ndi mwana wa uje, amene nayenso makolo ake ali m'chigwa momwemo. Chenjezo lotere munthu amalinyamulira mwana ndi mphasa.

Mphekesera nazonso sizidafe. M'chaka cha 2017 nkhani za anamapopa zidabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa. Antchito ena a zaumoyo adaleka kuyenda m'midzi chifukwa cha mantha. Lero bodza limathamanga pa lamya za m'manja, pa WhatsApp ndi pa Facebook, popanda wolifunsa kumene lachokera. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti banja limodzi mwa mabanja atatu alionse ndilo lidali ndi wailesi, pamene oposa theka adali ndi lamya ya m'manja. Nzoona kuti ambiri amamvera wailesi pa lamya zomwezo, komabe m'thumba limodzi muli tsopano liu la munthu wodziwika, amene angafunsidwe mawa ngati wanama, pamodzi ndi liu lopanda mwini.

Udindo wathu

Wailesi za m'madera nzosauka monga madera ao omwe. Zimavutika kulipira magetsi, kukonza makina ndi kusunga antchito aluso, amene amati akaphunzira ntchito nkupita ku mizinda. M'chaka cha 2022 bungwe la MACRA lidalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mau chifukwa cholephera kulipira ndalama za ziphasozo. Umphawi umabweretsanso mayesero. Wandale amene akufuna kutamandidwa amabwera ndi ndalama, chimodzimodzinso wogulitsa mankhwala amene amati amachiza nthenda iliyonse. Wailesi ikalandira ndalama zotere imadya lero, koma imagulitsa chuma chake chokhacho, chimene ndi chikhulupiriro cha omvera. Tsiku la chigumula likadzafika, idzafuula ndithu, koma anthu adzayesa kuti ndi malonda ena.

Tsono inu aulutsi, sungani lilime lanu. Nenani za njala pamene kuli njala, ndi za mliri pamene kuli mliri, ngakhale akuluakulu asakondwe nazo. Ndipo mukalakwitsa, vomerani poyera. Ife omvera tilinso ndi mbali yathu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mvula ikayandikira, tiyeni tione kuti m'nyumba muli mabatire, monga m'mene timaonera kuti denga lafoleredwa. Tizimvera za nyengo pamodzi ndi ana athu, ndi kukauza nkhalamba ya pafupi nafe imene ilibe wailesi. M'miphakati ndi m'magulu athu tizikambirana zimene tamva, ndipo tigwirizane mvula isanagwe za kumene tidzathawire. Tikaona mtsinje ukukwera kapena anthu akudwala modabwitsa, tiimbire wailesi yathu ndi a zaumoyo msanga. Ndipo wailesi ya m'dera lathu ikapempha chithandizo, tisaiyese mlendo.

Agogo athu a mu 1949 adayenda mitunda italiitali potsata mphekesera, chifukwa padalibe wowauza zoona. Ife tili naye wotiuza, ndipo amalankhula chinenero chathu. Chakudza sichiimbabe ng'oma, koma mudzi uli ndi ng'oma yake. Tiisamale kuti isang'ambike, ndipo ikalira usiku, tidzuke.